Mango sanalakwe: mmene ofufuza amadziwira chimene chayambitsa chinthu

Kwathu ku Chadiza, mango akayamba kupsa mu Novembala, agogo anga aakazi ankatiyang'anira ngati mlonda wa pachipata. Ukangotulukira kuchokera kumtengo, kukamwa kuli chikasu, ntchentche zikukulondola, iwo ankati, "Iwe mwana, udwala malungo." Ndipo sipankapita nthawi. Pofika Januwale mmodzi wa ife ankakhala ali pamphasa, akunjenjemera m'mabulangete awiri dzuwa lili paliwombo. Agogo ankangoloza mulu wa njere za mango kuseri kwa nyumba, mlandu n'kuthera pomwepo.

Zimene maso awo ankaona zinali zoona. Chaka ndi chaka mango ndi malungo zinkafika motsatizana. Chimene chinkabisala ndi nyengo. Miyezi imene mango amapsa ndi yomweyo imene mvula imayamba, madzi n'kudikha m'zithaphwi, m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa, udzudzu n'kuswana. Kachilombo ka malungo kanaonedwa koyamba m'magazi a munthu mu 1880 ndi dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Izi zisanadziwike azungu nawonso anali ndi mango awoawo. Dzina loti malaria linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, chifukwa ankaona kuti okhala pafupi ndi madambo onunkha ndiwo amadwala kwambiri.

Chandikumbutsa zimenezi ndi mtsikana wina, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zauphunzitsi. Anabwera kunyumba kuno ku Chipata ndi lipoti la kafukufuku wake. Anafunsa ana a sukulu ya sekondale ngati ali ndi foni yolowa pa intaneti, n'kuyerekezera mayankhowo ndi mamakisi awo a mayeso. Amafoni anali pamwamba. Pamapeto analemba kuti foni imachititsa ana kukhoza, ndipo makolo aziwagulira. Ndinamufunsa ngati akutsimikiza. Iye anati, "Amalume, si ine ndanena, ndi manambala." Tinakhala pakhonde mpaka mdima, ndipo zimene tinakambirana ndizo ndikufuna kuzilemba pano, chifukwa mawu oti "kafukufuku waonetsa" tsopano ali paliponse, pawailesi, pa WhatsApp, ngakhale pakamwa pa ogulitsa mankhwala m'misika.

Ofufuza ali ndi mawu oti variable. Ndi chinthu chilichonse chimene chimasiyana pakati pa munthu ndi mnzake, munda ndi unzake, chaka ndi chinzake, ndipo chingathe kuwerengedwa kapena kuyezedwa: matumba a fataleza, kuchuluka kwa mvula, msinkhu wa mwana, mamakisi a mayeso. Funso la choyambitsa limafunsa zinthu ziwiri zoterezi kuti, chimodzi tikachisintha dala, zina zonse n'kuzisiya mmene zilili, kodi chinzakecho chidzasintha? Mwana yemweyo, wa makolo omwewo, pasukulu yomweyo, akanakhala wopanda foni, akanapeza mamakisi angati? Vuto lonse lagona pa mawu oti "akanakhala". Mwana sangakhale ndi foni n'kukhalanso wopanda foni chaka chimodzi chomwecho. Mbali inayo sitingaione ndi maso, ndiye luso lonse la kafukufuku ndi kupeza choimira mbali yosaonekayo mwachilungamo.

Amene anakhalapo pabwalo la anyakwawa sadzavutika kumva zotsatirazi. Nkhokwe ya munthu yapsa, ndipo wina akuganiziridwa. Akuluakulu odziwa kuweruza amafunsa kaye ngati munthuyo analipodi pamalopo. Akatero amafunsa kuti anafika moto usanayake kapena utayaka kale, poti mwina anathamangira ndi ndowa kudzazimitsa. Kenako amafunsa ngati panalibe china chimene chikanayatsa motowo, monga anyamata osaka mbewa amene anatentha tchire chapafupi tsiku lomwelo. Mabuku a kafukufuku amafunsa mafunso atatu omwewa, kungoti m'chinenero china.

Kodi zimayenderadi limodzi?

Ili ndi funso loyamba, ndipo limaoneka lophweka mpaka utayamba kuwerenga. Kuti tinene kuti mango ndi malungo zimayendera limodzi pakati pa ana, sikokwanira kuwerenga odya mango amene anadwala. Magulu alipo anayi: anadya n'kudwala, anadya osadwala, sanadye koma anadwala, sanadye ndipo sanadwale. Mtima wa munthu umasunga gulu loyamba lokha. Agogo sankawerenga makanda oyamwa amene sanalaweko bango ndi limodzi lomwe koma ankadwala malungo koposa tonsefe. Kafukufuku wopanda gulu loyerekezera nalo amakhala atalephera asanayambe n'komwe.

Palinso mwayi. Mukafunsa ana khumi okha, zikhoza kungochitika kuti anzeru atatu agwera mbali imodzi. N'chifukwa chake m'malipoti mumaona kachilembo ka p ndi nambala ya 0.05. Tanthauzo lake ndi lochepa kuposa mmene ophunzira ambiri amaganizira. Limangonena kuti, pakanakhala kuti palibe mgwirizano uliwonse, kusiyana kwakukulu chonchi kukanaoneka mwangozi kosakwana kasanu pa maulendo 100. Silinena kuti ichi chabala icho. Mango ndi malungo, mukaziwerenga mwezi ndi mwezi, zikhoza kudutsa muyeso umenewu bwinobwino.

Chinayamba n'chiti?

Choyambitsa chiyenera kubwera chotsatira chake chisanafike. Apa palibe kukambirana, ndipo pa zonse zimene nditchule ichi chokha ndicho sichingasowe. Koma kudziwa chimene chinayamba si kophweka nthawi zonse.

Ndinamufunsa mtsikana uja kuti mafoniwo anagulidwa liti. Sanafunse. Ndiye ndinamukumbutsa za mnzake wa kutchalitchi amene bambo ake anamugulira foni ngati mphoto atakhoza giredi 9. Kwa mwana ameneyo kukhoza ndiko kunabala foni. Kafukufuku wofunsa anthu tsiku limodzi ali ngati chithunzi cha anthu awiri ataima pakhomo: sungadziwe amene akulowa ndi amene akutuluka.

Chitsanzo chimene chimandipweteka mtima n'cha okosijeni. M'midzi yathu yambiri muli mantha oti mwana akamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno ndiye kuti wapita. Amayi ena amakana, ena amatuluka naye mwana m'chipatala usiku. Ndipo mukawerenga mopanda kuganiza, manambala adzawavomereza: pakati pa ana oikidwa okosijeni amamwalira ndi ambiri kuposa pakati pa amene sanaikidwe. Koma anamwino saika okosijeni mwana amene akusewera. Amaika amene chibayo chamufooketsa, akubanika, milomo yasintha mtundu. Kudwalitsitsa ndiko kunayamba, ndipo ndiko kunaitana zonse ziwiri, mpweyawo ndi imfayo. Funso loyenera n'lakuti, pa ana odwalitsitsa mofanana, amapulumuka kwambiri ndi ati? Yankho lake madokotala amalidziwa: opatsidwa mpweya. Mayi amene wathawa ndi mwana wake sanachite zimenezo chifukwa chosamukonda. Anaona zoona, n'kuziwerenga chobwerera.

Komanso kuyamba pakokha si umboni. Tambala amalira kusanache, koma sindiye amatulutsa dzuwa. Izi timaseka, koma maganizo omwewa apweteketsa okalamba ambiri: gogo wadutsa pakhomo madzulo, mwana watentha thupi usiku, mmawa mudzi wonse ukuloza chala. Masiku onse amene gogoyo anadutsa popanda wodwala palibe amawakumbukira. Kachilombo ka malungo kamatenga sabata imodzi kapena ziwiri m'thupi munthu asanayambe kumva, choncho chimene chinagwetsa mwanayo chinamuluma kale gogoyo asanaganize n'komwe zodutsa. Malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga ngati mphekesera.

Wachitatu wobisala

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo ndikhalitsapo.

Aliyense amene analimapo pansi pa mtengo wa msangu amadziwa kuti chimanga cha pamenepo chimakhala chobiriwira, mapesi onenepa. Mtengowu ndi wachilendo: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kuphukira m'chilimwe, choncho suphimba mbewu, ndipo masamba ake amabwezera chakudya m'nthaka. Mlandu ukuoneka wosavuta. Koma taganizani. M'chilimwe, mitengo ina itayoyoka, msangu ndiwo uli ndi mthunzi ndi zipatso zimene ng'ombe zimakonda. Ng'ombe zimaswera pamenepo, n'kusiya ndowe. Ndiye chimanga chikukondwera ndi masamba kapena ndi manyowa? Mwinanso mtengowo unamera n'kukula pamalopo chifukwa nthaka yake inali yabwino kale, pafupi ndi chulu kapena pamene pamasunga chinyezi. Sindikunena kuti msangu suthandiza, ine ndemwe ndinaubzala. Ndikunena kuti kungoyerekezera pansi pa mtengo ndi pamtetete sikungatiuze gawo la mtengowo palokha.

Chimodzimodzi ndi FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo imene inayamba mu 2002. Wina akhoza kuwerenga matumba a olandira ndi a osalandira, n'kunena kuti kusiyana konseko ndi ntchito ya FISP. Koma olandira sanagwe kumwamba. Ndi anthu amene ali m'kopaletivu, amene anakwanitsa kulipira gawo lawo, ndipo kawirikawiri ndi omwewo ali ndi ng'ombe zolimira, amabzala ndi mvula yoyamba, amapalira pa nthawi yake. Ena mwa iwo akanagula okha D Compound ndi Urea ngakhale popanda thandizo. Kuti fataleza amakulitsa chimanga palibe akutsutsa. Funso limene boma liyenera kuyankha lisanathire ndalama zambirimbiri ndi lakuti ndondomekoyo yawonjezera matumba angati pamwamba pa amene akanakololedwa kale.

Pa nkhani ya mafoni wachitatu wobisala tinamupeza msanga: thumba la makolo. Nyumba imene ingagulire mwana foni ndi yomweyo ili ndi magetsi owerengera usiku, chakudya cha mmawa, ndalama ya matyushoni, ndipo mwana wake satumidwa kukagulitsa tomato ku Kapata nthawi ya sukulu.

Njira imodzi yomutsekera wachitatuyu ndi kuyerekezera ofanana okhaokha. Ana a aphunzitsi ndi ana a aphunzitsi anzawo, ana a ogulitsa pamsika ndi anzawo a pamsika. Ngati m'kagulu kalikonse amafoni akadali pamwamba, chuma sichingakhale yankho lonse. Makompyuta amachita zimenezi ndi zinthu khumi nthawi imodzi, ndipo ofufuza amati achita control. Koma njirayi ili ndi malire amene sathawika: umangotsekera amene wamuganizira ndi kumuyeza. Khama la mwana, mtendere wa m'nyumba, mayi amene amafunsa za homuweki tsiku lililonse, izi sizikhala pa pepala la mafunso.

Maere

Mankhwala a vutoli anachokera kumunda, ndipo zimenezi zimandisangalatsa. Ronald Fisher, katswiri wa masamu amene anayamba ntchito pa siteshoni ya zaulimi ya Rothamsted ku England mu 1919, anaona kuti munda sufanana ngakhale utaoneka wosalala chotani. Mbali ina ndi yachonde, ina ndi ya mchenga, ndipo munthu woyesa mbewu imene akuikonda dzanja lake limaipititsa pabwino iye osazindikira. Nzeru yake inali yoti munthu asasankhe. Dulani munda m'tizigawo tambiri, ndipo maere ndiwo anene kachigawo kolandira ichi ndi kolandira icho. Maere sadziwa pali chulu kapena pamene ng'ombe zinagona. Tizigawo tikachuluka, zabwino ndi zoipa zonse, zodziwika ndi zosadziwika, zimagawikana pafupifupi mofanana mbali zonse. Chotsala chosiyanitsa magulu awiriwo ndi chimene mwaikapo dala.

Amene anapitako ku Msekera, siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ili kunja kwa tauni yathuyi, anaona timinda tating'onoting'ono tokhala ndi zikwangwani, mbewu imodzimodzi itabwerezedwa malo angapo mosatsata mzere. Si chisokonezo. Mbewu za nshawa za MGV 4 ndi MGV 5, zimene dzina lake likuchokera ku Msekera komweko, zinadutsa m'mayeso otere zisanafike kwa alimi.

Pa anthu njirayi inagwira ntchito pa nkhani ya mdulidwe. Kwa zaka zambiri ofufuza ankaona kuti madera amene amuna ambiri ndi odulidwa ali ndi HIV yocheperapo. Koma mdulidwe umayenda ndi chipembedzo ndi mwambo. Kuno kwathu Achewa ndi Angoni sunali mwambo wathu, pamene Aluvale ndi Alunda a ku North-Western ali ndi mwambo wa mdulidwe wotchedwa mukanda, ndipo mitundu imasiyana pa zinthu zina zambiri kupatula chimenechi. Wachitatu wobisala akanatha kukhala paliponse. Choncho ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, amuna oposa 10,000 amene anavomera okha anagawidwa mwa maere: ena kudulidwa nthawi yomweyo, ena kudikira. Zotsatira zinatuluka pakati pa 2005 ndi 2007, ndipo malo atatu onsewo ananena chimodzi: mdulidwe unachepetsa mpata woti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi ndi pafupifupi 60 peresenti. Mayeso onse atatu anaimitsidwa nthawi isanakwane, chifukwa sikunali chilungamo kupitiriza kudikiritsa gulu linalo. Taonani kuti nambalayo ndi 60, si 100. Ndibwereranso pamenepa.

Pamene maere sangatheke

Sungatenge ana 1,000 n'kuuza theka kuti lizisuta fodya zaka makumi atatu. Sungamwetse mudzi madzi oipa kuti uone. Mafunso ambiri ofunika kwambiri ndi otere, ndipo pamenepo wofufuza amagwira ntchito ngati wolondola mapazi a nyama.

Mu 1854 kolera inabuka ku Soho mu mzinda wa London n'kupha anthu oposa 500 m'masiku khumi. Akuluakulu ankati ndi fungo loipa. Dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo, n'kupeza kuti maliro aunjikana mozungulira mjigo wa mu Broad Street. Zimenezo pazokha ndi kuyendera limodzi chabe, poti fungo nalo likanaunjikana pamalo amodzi. Chimene ndimamulemekezera ndi chakuti anasakasaka amene sakugwirizana ndi chithunzicho. Ogwira ntchito pamalo ofululira mowa mu msewu womwewo sanadwale, ndipo anapeza kuti sankamwa madzi a pamjigowo. Mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi fungo lililonse la ku Soho, anamwalira ndi kolera, ndipo zinadziwika kuti ankatumiza munthu kukamutungira madzi a mjigo womwewo chifukwa ankawakonda kukoma. Chaka chomwecho Snow anapezanso maere amene anachitika okha. Kum'mwera kwa London makampani awiri ankagulitsa madzi m'misewu imodzimodzi, nyumba iyi kampani ina, yoyandikana nayo kampani ina. Ya Lambeth inali itasamutsira potungira pake kumtunda kwa mtsinje wa Thames, pamene ya Southwark and Vauxhall inkatungabe pamene zonyansa za mzinda zinkathira. Pa nyumba 10,000 zilizonse, za kampani yoyambayo zinataya anthu 37, za yachiwiriyo 315. Mpweya umodzi, umphawi umodzi, madzi osiyana. Kachilombo ka kolera Snow sanakaone, ndipo anamwalira dziko lisanamuvomereze. Pamene kolera inavuta dziko lathu kumayambiriro kwa 2024, mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka kusanduka chipatala, uphungu wothira klorini ndi kuwiritsa madzi unali kuima pa ntchito imene inayamba ndi munthu ameneyu.

Za fodya ndizilemba ndikudziwa kuti m'chigawo chathu muli mabanja ambiri amene ana awo aphunzira ndi ndalama ya fodya. Koma zoona sizisintha. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa kuti odwala khansa ya m'mapapo m'zipatala za ku London pafupifupi onse anali osuta. Otsutsa anati mwina odwala amakumbukira mokokomeza. Choncho mu 1951 awiriwa analembera madokotala a ku Britain kuwafunsa za kusuta kwawo akadali bwino, pafupifupi 40,000 anayankha, ndipo amuna mwa iwo anatsatiridwa zaka 50. Potero funso la chimene chinayamba linatsekedwa. Fisher yemwe uja wa maere anatsutsabe, nati mwina pali chibadwa china chimene chimapatsa munthu chilakolako cha fodya n'kumupatsanso khansa. Linali funso loyenera kufunsidwa, ngakhale iye analakwa. Yankho linali kukula kwa kusiyanako. Osuta ankafa ndi khansayi kuwirikiza kasanu ndi kanayi kapena kakhumi poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta kwambiri kuwirikiza ka 20 mpaka 30. Kuti wachitatu wobisala abale kusiyana kotere ayenera kukhala chimphona, ndipo chimphona chotero sichinapezeke. Komanso amene anasiya kusuta ngozi yawo inkatsika, chibadwa chawo chili chomwecho.

Mu 1965 Hill anasonkhanitsa zimene anaphunzira kukhala mfundo zisanu ndi zinayi zimene ophunzira zaumoyo amaloweza mpaka lero. Zina ndazitchula kale: kukula kwa mgwirizano, chimene chinayamba, ndi zimene zimachitika ukachotsa choganiziridwacho. Ina ndi kubwerezeka, kuti ofufuza ena, kumalo ena, ndi njira zina, apeze zomwezo. Ina ndi muyeso: wosuta ndudu zambiri akhale pangozi yoposa wosuta zochepa, monga mmene tikanayembekezera kuti wodya mango dengu lonse adwale koposa wodya awiri, mango akanakhala olakwa. Zina zikufunsa ngati pali njira yomveka imene chinthucho chingagwirire ntchito m'thupi, ngati sizikutsutsana ndi zina zodziwika kale, ndi ngati pali chofanana nacho chimene tikuchidziwa. Yofooka kwambiri ndi yoti choyambitsa chimodzi chikhale ndi chotsatira chimodzi, chifukwa fodya yemweyo amabweretsa khansa, matenda a mtima ndi chifuwa chosatha.

Ndimadandaula ndikaona ophunzira akuzisandutsa fomu yochonga. Hill mwini wake ananena kuti si malamulo, ndipo anachenjeza kuti kumveka kwa chinthu kumadalira nzeru za nthawiyo. M'masiku a Snow zoti tizilombo tosaoneka m'madzi tingaphe munthu zinali zosamveka kwa ambiri. Ananenanso china chimene anthu amaiwala: kuti umboni sudzakhala wathunthu, ndipo zimenezo si chifukwa chokhalira manja lende. Kukula kwa umboni wofunika kumadalira chimene mukufuna kuchita nawo. Kutseka chitsime chokayikitsa kwa sabata imodzi sikufuna umboni wofanana ndi wothamangitsa munthu m'mudzi.

Ndinalonjeza kubwerera pa 60 peresenti ija. Nthawi zonse pamapezeka wonena kuti, "Agogo anga anasuta mpaka kukalamba osadwala," kapena, "Uje anadulidwa koma anatenga." Zonsezo zikhoza kukhala zoona osagwetsa kanthu. M'kafukufuku kuyambitsa sikutanthauza kuti aliyense, nthawi zonse. Kumatanthauza kukweza kapena kutsitsa mpata. Si aliyense wowoloka Luangwa itadzaza amene amakokoloka, koma palibe anganene kuti madziwo alibe mlandu pa amene anapita. Ndipo zinthu zambiri zili ngati nsima, imene imafuna ufa, madzi, moto ndi mthiko. Fataleza amabereketsa chimanga pakakhala chinyezi, ndipo chaka cha chilala fataleza yemweyo sabweza ndalama yake. N'chifukwa chake zimene zapezeka ku Mkushi kwa alimi othirira sizingangotengedwa n'kuikidwa pa munda wa ku Vubwi osafunsa ngati zina zonse zofunika zilipo.

Chilala chandikumbutsa msampha wina umene ndauona ndi maso. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko, ndipo chaka chimenecho Zambia inakolola chimanga pafupifupi matani 1.5 miliyoni. Chaka chotsatira mvula inabwerera ndipo zokolola zinapitirira matani 3.5 miliyoni. Chilichonse chimene mlimi anayamba pakati pa zaka ziwirizi chikuoneka ngati chozizwitsa. Ndinakumana ndi wogulitsa mankhwala opopera masamba, ali ndi zithunzi ziwiri pafoni: munda wopserera wa chaka cha chilala, ndi munda womwewo uli bii chaka chotsatira atapopera. Anthu ankagula. Koma minda ya oyandikana nawo amene sanapopere nayonso inali bii. Zinthu zikafika poipitsitsa kawirikawiri zimabwerera pakati zokha, ndipo ifenso timafuna thandizo pa nthawi yoipitsitsa yomweyo. Chimfine chimatha chokha pa sabata, ndipo chimene unamwa tsiku lachisanu ndicho chimatenga ulemu. Umboni wa "kale ndi tsopano" wopanda munda woyerekezera nawo ndimaukayikira nthawi zonse, kaya wabwera ndi wamalonda, wandale kapena bungwe lothandiza.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsikana uja lipoti lake sanalitaye. Anabwerera kusukulu kuja kukafunsa kuti foni inagulidwa liti, makolo amagwira ntchito yanji, ndipo mwanayo ankapeza mamakisi otani asanakhale nayo. Chiganizo chake chomaliza anachisintha, n'kulemba kuti kukhala ndi foni kukuyendera limodzi ndi kukhoza, koma kafukufuku wakeyo sangathe kunena chimene chikubala chinzake. Ankaopa kuti aphunzitsi ake aona ngati walephera. Ndinamuuza kuti chiganizo chimenecho ndicho choona kwambiri mu lipoti lonse.

Mankhwala opopera aja ndinagula botolo limodzi, chifukwa mwina amagwiradi ntchito, ndipo ndikufuna kudziwa. Lima imodzi (kota ya hekitala) ya kumunda kwathu tinaidula m'zigawo zisanu ndi zitatu zofanana, kutali ndi msangu ndi chulu. Mbewu ndi imodzi, tsiku lobzala ndi limodzi, fataleza wapansi ndi wapamwamba wofanana, wopalira ndi mmodzi. Tinalemba manambala a zigawozo pa timapepala, n'kutipinda, n'kutiika m'chipewa, ndipo mdzukulu wanga amene sanayambe sukulu ndiye anatola tinayi toti tipopere. Kachigawo kamene ndinkakadalira kwambiri, ka kumunsi kumene kumasunga chinyezi, kanagwera kosapopera, ndipo ndinakasiya momwemo. Tikadzakolola mu Meyi chigawo chilichonse chidzalowa m'thumba lakelake, ndipo woyeza pa sikelo adzakhala mlamu wanga, amene sitinamuuze zigawo zimene tinapopera.